Nkhope Yanga Inakwera Ndege Ine Ndili pa Lizulu

Ine ndege sindinakwerepo, koma nkhope yanga inakafika ku Ulaya. Inapita itadzola mafuta bwinobwino, itamanga duku latsopano, ndipo azungu ataiona pakhoma anapukusa mitu n'kugwirizana kuti gwero la umphawi wa alimi a ku Ntcheu alipeza. Amene anainyamula kupita nayo kumeneko ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa.

Ntchito yanga ndi ya mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu. Ndimagula kwa alimi amene amatsika nayo m'mapiri pa ngolo ndi pa njinga, ena a mbali ino, ena a ku Mozambique, dziko limene ife timalifika pongodumpha msewu. Ndikagula ndimasankha, yambiri n'kugulitsa kwa a malole a ku Blantyre ndi okazinga tchipisi. Yotsala ndimaunjika m'ndowa m'mbali mwa msewu kuti apaulendo agule. Ndowa ya pamsewu ili ndi kaikidwe kake: zing'onozing'ono pansi, zikuluzikulu pamwamba mpaka mulu usongoke. Wogula amadziwa, wogulitsa amadziwa, ndipo palibe amene anapitapo nazo kupolisi. Ndinayamba zimenezi amuna anga atamwalira, mwanayo ali ku pulayimale ku Nzama. Malemuwo anali mlimi, koma ine ndekha khasu linandilaka.

Anthu a ntchito yathuyi amatitcha mavenda. Pa wailesi akamawerenga adani a mlimi timabwera achitatu, pambuyo pa chilala ndi ntchemberezandonda. Ine sizinkandikhudza. Ndowa zomwezo ndi zimene zinamufikitsa mwanayo ku sekondale, kenako ku yunivesite, kumene ankaphunzira za makompyuta zosakaniza ndi bizinesi. Nditamufunsa kuti akamaliza adzakhala ndani, anati adzayambitsa kampani ya pa foni. Kampani yopanda shedi, yopanda sikelo, yopanda ngakhale mlonda. Ndinangovomera, popeza ophunzira sawatsutsa.

Pa holide ina anabwera akumwetulira kuyambira pa siteji ya minibasi mpaka pamene ndinali. Anati yunivesite yawo imasankha ophunzira angapo kupita nawo ku Ulaya, kuti akaone mmene makampani a kumeneko amayambira ndi kukafotokoza maganizo awo pamaso pa anthu achuma. Iye ndi anzake anali m'gulu losankhidwalo. Maganizo awo anali ka pulogalamu ka pa foni kolumikiza mlimi ndi wogula wa m'tauni mwachindunji. Chimene chinkasowa ndi vidiyo yoonetsa mmene malonda a mbatata amayendera kwathu kuno.

"Amayi, mukaonekera pakhoma lalikulu, holo yonse ikukuonani," anatero.

Munthu wanzeru akanafunsa kuti kodi mlimi ndi wogula akalumikizana mwachindunji, amene anali pakati pawo uja apita kuti. Ine mutu wanga unali utakwera kale ndege. Ndinkaona mwana wanga ataima kutsogolo kwa azungu, akuloza khomalo ndi kunena kuti: awa ndi mayi anga, ndi amene andifikitsa pano. Chimenecho chokha ndi chimene ndinkafuna pa ulendo wonsewo. Chokoleti ankatha kukadya yekha.

Tsono pali bambo wina wa ngolo amene ndagula naye mbatata kuyambira chaka chimene ndinayamba. Mkazi wake ndi wa kumudzi kwathu, choncho timaitanana alamu. Ali ndi ng'ombe, nyumba ya malata, ndiponso njinga yamoto imene amakwera Lamulungu lokha kuti isathe msanga. Ine ndi alamu angawa sitinagulanepo mbatata osayamba takangana. Akangoimitsa ngolo, ine ndimatola imodzi n'kuyamba.

"Alamu, mwabweretsa mbatata kapena mwatola miyala ya mumtsinje?"

"Wawa alamu," amayankha, "miyala yomweyi ndi imene yakunenepetsani."

Ndikatchula mtengo wanga amagwira m'mutu, amaitana Mulungu kuti akhale mboni, kenako amatembenuza ng'ombe kuti akubwerera kwawo. Amakafika pa mtengo wa bulugama, osapitirira. Ine ndimamuitana, timakumana pa mtengo umene tonse tinkaudziwa iye asananyamuke kunyumba, kenako timakhala pa thumba kumwa tiyi ndi zitumbuwa. Ndi moni wathu umenewo. Tsiku lina ndili ndi malungo ndinangomulipira osamunyoza ngakhale pang'ono. Mawa lake mkazi wake anayenda ulendo wonse kudzandifunsa ngati tinalakwirana.

Mwanayo anasankha alamu omwewa kuti akhale mu vidiyo. Anatiuza kuti tingochita monga timachitira masiku onse. Koma ndani amachita monga masiku onse akamva kuti akaonekera ku Ulaya? Ine ndinafika nditavala chitenje chatsopano, nsapato za kutchalitchi, ndolo, ndi kachikwama ka m'manja kamene ndimapita nako ku maukwati okha. Sindinkafuna kuti anthu akati mwana wa ku yunivesite ali ndi mayi wosasamba. Alamu anga nawo anaganiza mwakuya. Anavala jekete yong'ambika imene amapoperera mankhwala kumunda, nsapato anazisiya m'ngolo, akuti azungu aone kuti alimi a kuno ndi olimbika ntchito. Aliyense wa ife ankathandiza mwana mmene ankadziwira.

Foni itangoyatsidwa, tinakangana mkangano umene Lizulu anali asanauone. Ndinatola mbatata n'kuiponya pansi. Ndinamenya thumba ndi nsapato ya kutchalitchi ija. Alamu anga anagwada, anakweza manja kumwamba, anati ana awo agona ndi njala, anapukuta maso ndi chipewa. Msika wonse unatizungulira, anthu akuseka mpaka kugwira nthiti, amayi a tomato akululutira. Ng'ombe zitatembenuzidwa kulowera ku bulugama, mwanayo anati zakwana, n'kuzimitsa foni. Tiyi tinamwa foni ili m'thumba, ndipo iyenso anadya nawo zitumbuwa.

Ulendo utakwana ndinamukazingira mtedza wa kamba, umene ndinamva kuti anaugawa kwa anzake pabwalo la ndege poopa kuti ungamuchititse manyazi. Kenako zithunzi zinayamba kubwera pa foni. Ndinaona mwana wanga atakhala pa thumba lofewa mu ofesi ya kampani yaikulu. Ife kuno tavutika zaka zonsezi kuti ana athu achoke pa thumba akakhale pa mpando, iwo awoloka nyanja kukakhala pa thumba. Ndinaona khoma atalimata timapepala tamitundumitundu, akuti ndi mmene amaganizira. Ndinaona mwini kampani, munthu woti ndi wolemera kuposa boma lathu lonse la Ntcheu, atavala buluku long'ambika m'mawondo. Ndinati alamu anga akanapita okha ndi jekete yawo ija akanawapatsa udindo.

Komabe ndinkanyada, ndisaname. Zithunzizo ndinkaonetsa aliyense, ngakhale wongofunsa njira ya ku Bwanje. Uthenga utabwera woti gulu la mwana wanga lapambana mphotho, ndinavina pamsewu malole akuimba mahutala.

Vidiyo ya mwambowo sanatumize ndi iye. Inabwera ndi mayi wa kabichi amene amakhala moyandikana nane pamsika, mayi woti nkhani yoipa ikamupeza m'mawa safika nayo masana. Mwana wa mchemwali wake anali ku yunivesite yomweyo. Anabwera atagwira foni ndi manja awiri, nkhope ataigwetsa mwaulemu, koma m'maso muli chikondwerero.

"Anzanga, mwatchuka," anatero. "Taonani nokha, ine Chingerezi chimandidutsa."

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma Chingerezi chonyoza ndimachimva chonse. Mwana wanga anaima kutsogolo atavala suti, wokongola, mawu ake osanjenjemera. Anati bambo ake anali mlimi wa mbatata ndipo anamwalira ali wosauka, zimene ndi zoona. Anati alimi a kwawo amagwira ntchito chaka chonse koma phindu amadya ndi ena. Kenako anati, taonani nokha. Pakhoma panatulukira ine.

Kuseka kwa anthu kuja kunalibe. Nthungululu za amayi a tomato kunalibe. M'malo mwake anaikamo kanyimbo kachisoni, ka mtundu umene amaika pa wailesi akamalengeza maliro. Panali mayi wonenepa wa ndolo ndi kachikwama, akumenya ndi nsapato thumba la bambo wopanda nsapato amene wagwada akulira. Pamene ndinkaponya mbatata pansi anapachedwetsa dala, mbatata ikugwa pang'onopang'ono kuti aliyense aione bwino. Ndikanakhala kuti sindikumudziwa mayiyo, inenso ndikanati amangidwe.

Atamaliza, mayi wina wachikulire wa magalasi, mmodzi mwa anthu achuma amene ankaweruza, anakweza dzanja. Anafunsa ngati mwana wanga amamudziwa mayi wa mu vidiyoyo. Ndinati tsopano anena, afotokoza, holo yonse iseka. Mwanayo anaseka kaye pang'ono, kuseka kumene ndimakudziwa kuyambira ali wamng'ono akaswa kapu.

"Ndi mmodzi mwa mavenda a kwathu," anatero. "Alipo ambiri otere."

Anthu anawomba m'manja. Mayi wa kabichi anandifunsa kuti wati chiyani pamenepo, ine ndinati wati msika wathu ndi waukulu. Ndinamubwezera foni yake n'kupitiriza kuunjika ndowa. Zinandipweteka kwambiri. Kutchedwa wakuba sikunali kanthu, wailesi inandizoloweza kale. Chimene chinandilasa ndi chakuti anamufunsa, mpata unalipo, iye n'kuudumpha.

Sabata isanathe vidiyo ija inali m'foni iliyonse pa Lizulu, mbali zonse ziwiri za msewu. Anyamata okweza matumba ankati ndikamadutsa amagwada n'kukweza manja kumwamba. Alimi ondidziwa ankaseka, koma achilendo ena ankaima patali, kulozerana, kenako n'kupititsa njinga zawo kwa mavenda ena, anthu oyera mtima amene sanaonekerepo ku Ulaya. Kutchalitchi mayi wina anapemphera mokweza kuti Ambuye afewetse mitima ya ochita malonda, diso limodzi ali nalo pa ine. Alamu anga nawo sizinawayendere. Mkazi wawo anawafunsa kuti ndi ana ati amene amagona ndi njala m'nyumba mwake, ndipo kwa masiku angapo anawaonetsa mmene kugona ndi njala kumakhalira. Atabweranso ndi ngolo, tinayesa kukangana monga kale koma sizinatheke. Ndikati nditole mbatata ndinkaona anthu akutulutsa mafoni. Tinangotchula mtengo, kulipirana, n'kumwa tiyi mwakachetechete ngati anthu odana.

Mwanayo anabwera patapita milungu ingapo. Anandibweretsera sikafu ya ubweya ndi kapu yolembedwa dzina la kampani ina, kuti ndikamamwa tiyi ndizikumbukira kumene ndinayalukira. Sindinamufunse tsiku lomwelo. Ndinamusiya adye, agone, afotokozere abale za masitima oyenda pansi pa nthaka. M'mawa mwake ndinamupatsa thumba kuti akhalepo, popeza anazolowera, tizisankha mbatata limodzi.

"Vidiyo ija ndinaiona," ndinatero.

Manja ake anaima. "Amayi, ndimati ndikufotokozereni."

"Fotokoza. Mzungu wa magalasi uja anakufunsa chiyani?"

"Amayi, kumeneko amakupatsa mphindi zochepa. Anatiphunzitsa kuti nkhani izikhala ndi wovutika ndi womuvutitsa, anthu amve msanga. Ukayamba za chibale amayang'ana wotchi."

"Nanga tiyi uja? Zitumbuwa unadya nawo zija?"

"Tiyi sakanathandiza nkhani, amayi."

Ndinamuyang'ana. Sankanama, ndipo sanali mwana woipa. Ankalankhula zimene anamutumizira ku Ulaya kuti akaphunzire, ndipo anakhoza bwino. Ndinaona kuti kaikidwe ka ndowa anakadziwa kuposa ine mwini. Zooneka bwino anaika pamwamba, pansi anaikapo mayi ake.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma ayi, ophunzira sabwera kumudzi ndi nkhani imodzi. Anati anthu achuma aja akufuna gulu lawo libwererenso kumeneko, ulendo uno kwa miyezi, kukaphunzira ndi kukonza pulogalamu ija mpaka ithe. Koma ankafuna umboni woti zinthu zayamba kusintha. Pankafunika vidiyo yachiwiri, yoonetsa venda amene walapa, waona kuwala, ndipo tsopano akugula mbatata mwachilungamo kudzera pa foni.

"Mavenda alipo ambiri otere," ndinatero. "Kasankhe mmodzi."

Anaweramitsa mutu. "Akufuna yemwe uja, amayi. Nkhope yanu akuidziwa kale."

Ndinaseka mpaka misozi, kuseka kosakoma. Kenako ndinati chabwino, ndilapa. Ndilapa machimo anga, a mayi wa kabichi, ndi a mavenda onse kuyambira pa Lizulu mpaka ku Bwanje. Koma pakhale chinthu chimodzi. Vidiyo ikamatha, iye atuluke kuseri kwa foni, aime pambali panga, anene m'Chingerezi chake chokomacho kuti awa ndi mayi anga.

Anatembenuzatembenuza mbatata imodzi m'manja. Pamene ankayankha, maso anali atadzaza misozi.

"Amayi, akadziwa kuti ndinu mayi anga adzati vidiyo yoyamba ija inali sewero. Atichotsa tonse, ine ndi anzanga."

Ndinafuna kunena kuti inalidi sewero, ndipo osewera ake sanalandire ngakhale zikomo. Koma ndinaona kuti akunena zoona. Mawu amene ndinkawafunawo akanamutsitsa m'ndege. Zaka zonse zimene ndinakhala padzuwa ndi pamphepo ya Juni m'mbali mwa msewu uja, ndinkafuna kuti mwanayu apite kutali kuposa kumene ine ndinafika. Palibe amene anandiuza kuti kutaliko amalipiritsa chiyani pakhomo. Ndinakwiya naye, ndinakwiya ndi azungu ake, ndinakwiya ndi yunivesite imene inaona kuti ana athu sangaphunzire malonda popanda kuwoloka nyanja. Nditamaliza kukwiya ndinamufunsa kuti ndivale chiyani.

Anati ndivale zomwe zija, kuti anthu asasokonezeke. Choncho tsiku la msika ndinavalanso chitenje chija, ndolo, nsapato za kutchalitchi ndi kachikwama ka maukwati. Alamu anga anabwera ndi jekete yopoperera mankhwala, koma ulendo uno anawalola kuvala nsapato, kusonyeza kuti moyo wawo wayamba kutukuka. Ndinaima kutsogolo kwa foni n'kunena mawu amene mwana wanga anandikonzera: kuti kale ndinkadyera alimi masuku pamutu, koma tsopano maso anga atseguka. Anandibwereza kangapo chifukwa nkhope yanga sinkaoneka yolapa mokwanira. Kenako ndinagwirana chanza ndi alamu anga, tonse tikuyang'ana foni imene munalibe kanthu chifukwa pulogalamuyo inali isanathe. Alamu anga sanandiyang'ane m'maso. Panalibe amene analulutira.

"Mwachita bwino, amayi," anatero mwanayo atazimitsa foni. Anandikumbatira mwamphamvu, nkhope ataibisa paphewa panga. Apo panalibe mzungu woti aone.

Ankanyamuka masana a tsiku lomwelo. Nthawi zonse akamabwerera ku yunivesite ndimamupatsa ndowa ya mbatata kuti akadye ndi anzake, ndipo sindinaone chifukwa chosinthira. Pamene iye ankatsanzika kwa amayi a tomato, ine ndinakhala pa thumba ndi nsapato za kutchalitchi zija, n'kukhuthula mbatata ya alamu anga pansi. Ndinasankha imodziimodzi monga ndachitira kuyambira tsiku limene anapita koyamba ku sekondale yogonera konko: zikuluzikulu zokhazokha, kuyambira pansi pa ndowa mpaka pamwamba. Kondakitala anaikweza akudandaula kulemera, mwanayo anakhala pawindo n'kundibayibitsa, foni ili m'manja.

Zimenezo sanajambule.